Waya wa Buleki pa Khosi la Mkango

Kumsasa wa olondola mikango,
4 Ogasiti.

Mlongo wanga Sipoko,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino, pamodzi ndi mlamu wanga ndi mwana. Ine ndili bwino, kupatula chifuwa cha fumbi chimene aliyense pamsasa pano ali nacho nyengo ino. Foni sigwira kuno monga udziwa, choncho ndapatsira adalaivala a lole ya katundu, amene adzasiya kalatayi pagolosale yoyandikana ndi shedi yako ya njinga. Uyankhe kudzera mwa iwo omwewo Lolemba likudzali.

Uwerenge uli wekha, ndipo ufike kumapeto usanayambe kukwiya.

Pa mikango imene timalondola pali waukazi wina amene timamutcha Chipsera. Mwezi wathawu anapatuka pagulu la anzake, monga uchitira mkango ukafuna kubereka, ndipo anatisowa, pakuti lamba wa wailesi amene tinamuveka pakhosi anali atasiya kulira. Lachinayi lapitali anatulukira padziwe ataonda mpaka nthiti kuonekera, mawere ali odzaza, kusonyeza kuti ana alipo kwinakwake. Pansi pa lamba uja panali waya, atalowa m'mnofu moti sankaoneka. Dokotala wa nyama anamulasa jakisoni wogoneka, nadula wayayo, natsuka bala. Chipsera anadzuka, namwa madzi, nalowanso m'thengo.

Ntchito yanga ukuidziwa. Khwekhwe lililonse lochotsedwa m'nkhalango muno limafika patebulo panga. Ndimaliyeza, ndimalemba mtundu wa waya, ndimalimangirira kapepala n'kuliika m'bokosi. Ndaona a waya wa mpanda, a waya wa magetsi, a waya wa m'matayala otenthedwa. Ili ndi la waya wa buleki ya njinga, mawaya atatu opotedwa pamodzi. Zimenezo si zachilendo. Chachilendo chili kunsonga. Wolipanga anavekako kanati ka sipoko, nakafinya kawiri ndi chopanira, kuti waya asamasuke n'kubaya munthu chala. Wotcha makhwekhwe sasamala za chala cha munthu. Amasamala ndi mmisiri amene manja ake sadziwa kusiya ntchito yosamaliza, ndipo ine ndikudziwa anthu awiri okha omaliza waya motero. Mmodzi ndi bambo athu, amene tinawaika m'manda.

Ndalemba zimene maso anga anaona. Dzina la munthu sindinalembe, ndipo palibe wandifunsa.

Sindikukufunsa chifukwa chake. Ndikukufunsa zinthu ziwiri zokha: makhwekhwe atsala angati, ndipo ali pati. Malinga ngati ali m'thengomo adzagwira china, ndipo tsiku limene asilikali a gemu adzawapeze okha, adzayamba kufunsa kuti wokonza njinga wapafupi ndi mpanda ndani. Mlandu wa mkango si mlandu wa chindapusa. Ndi wa zaka.

Ndine mlongo wako wamkulu,
Mlembi wa pamsasa.


Pashedi,
10 Ogasiti.

Achemwali anga Akalaliki,

Moni wochuluka kuchokera kwa tonse. Mlamu wanu ali bwino, mwana akuthamanga kale ndipo wandisokonezera manati onse m'chitini. Nditaona envulopu ndinasangalala, ndinati achemwali akumbukira gambuti zakale zija anandilonjeza. Kutsegula muja ndapezamo chisamani cha kukhoti.

Achemwali, mawaya a buleki ine ndimataya tsiku ndi tsiku. Kuseri kwa shedi kuli mulu. Ana amatola kukapangira timagalimoto, amayi amatola kukamangira makola a nkhuku, palibe amene amasaina. Nanga zoveka nati kunsongazo, bambo anatengera setifiketi kuti ndi nzeru yawo yokha? Inu ndi amene munapita kusukulu m'banja mwathu, mukudziwa kuti umboni ndi chiyani. Mwaona kanati kamodzi, basi mlandu watha, woweruza ndi inu, mboni ndi inu.

Simunafunse za ntchito, koma ndikuuzani. Ntchito yafa. Aliyense wakwera njinga yamoto, zopalasa zatsala ndi abusa ndi ine. Tsiku limatha ndapopa tayala limodzi, mwini wake n'kunena kuti zikomo, Mulungu akudalitseni.

Mkango wanuwo ndi wamwayi. Uli ndi dokotala wakewake wobwera pagalimoto, uli ndi mlembi wowerenga nthiti zake. Mwana wathu atadwala mwezi wa Juni tinamubereka kumbuyo panjinga, tinayenda zipatala ziwiri. Inu munalemba mizere itatu, umodzi wake unali woti tiziwiritsa madzi. Sindikudandaula, ndikungokumbutsa, poti inu mumakonda zolembedwa.

Komanso mkango wanzeru ukufuna chiyani m'khwekhwe la njiri? Sunaone kuti si saizi yake?

Kalata yanu ndaotcha. Inunso muotche iyi. Gambuti zija musaiwale.

Ine wanu womvera,
Sipoko.


Kumsasa,
18 Ogasiti.

Mlongo wanga,

Ndalandira yako, ndipo ndakondwa kumva kuti mwana wachira ndithu. Zimene wanena za mwezi wa Juni ndi zoona, ndipo zandipweteka. Tidzakambirana pamaso. Gambuti zili m'thumba limene adalaivala akupatse.

Ine sindinalembe kuti linali khwekhwe la njiri. Walemba ndiwe. Tisatayitsane nthawi.

Ana a Chipsera tawapeza. A Mapazi, mkulu wa olondola, anatsata mapazi ake kuchokera padziwe pang'onopang'ono, kuopa kumusokoneza, mpaka Lachisanu pamene tinazimitsa galimoto pataliko ndi chitsamba china n'kudikira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu. Anatuluka atatu. Ali ndi mawangamawanga ngati a kambuku, miyendo ikuwalemera, akamayenda amagwa chamutu. Awiri ndi onenepa. Wachitatu ndi wamng'ono, amafika pabere anzake atakhuta, koma ndiye wosamva. Amake akamutola pakhosi n'kumubwezera m'chitsamba, iye amatulukira mbali ina. Bala la Chipsera likuuma, koma akadali wofooka. Sangawatengere ana kugulu asanalimbe, ndiye akusaka yekha, ndipo akasiya ana afisi amazungulira.

Malamulo a ntchito yathu ndi ochepa: sutsika m'galimoto, sukweza mawu, suthandiza nyama pokhapokha yavulazidwa ndi munthu. Palinso lumbiro limene ndinasaina polowa ntchito, lakuti sindidzauza munthu wakunja pamene pali mkango wokhala ndi ana, ngakhale m'bale wanga, pakuti alipo othira poizoni ndi ogula zikhadabo. Kalatayi idutsa m'manja mwa adalaivala ndi a golosale. Choncho malo sindilemba.

Asilikali asesa mbali zimene angathe kufikako ndi miyendo, sanapeze kanthu. Pempho langa ndi ili. Ujambule papepala pamene pali khwekhwe lililonse, ndi mtengo kapena mwala woyandikana nalo. Tikadziwa malo enieni tingathe kuwakoka tili m'galimoto ndi ndodo yaitali ya mbedza. Akandifunsa kuti ndamva kwa yani, ndidzayankha kuti kwa munthu amene sindingamutchule.

Chomaliza uchimve bwino. Usalowe m'nkhalango. Usapite kukawachotsa wekha, ngakhale masana, ngakhale ndi mnzako. Pali ngozi imene iwe suidziwa, ndipo sindingailembe. Kamodzi kokha pa moyo wako, uchite chinthu chifukwa chakuti ndanena.

Mlongo wako wamkulu.


Kunyumba,
24 Ogasiti.

Alamu,

Muli bwanji kumeneko? Ife tilipo, koma kulipo kwake ndi komweku. Ndikulemba mlongo wanu asakudziwa, pepala ndachita kupempha kugolosale, ndiye mukhululuke zolembazi.

Wandiuza zonse. Anatcha makhwekhwe asanu ndi limodzi nthawi ija mwana amadwala. Njiri ziwiri anagwira, ndi zimene zinatiyendetsa kuchipatala, ine ndinkayesa kuti ndi ngongole ya kwa mnzake. Kenako anapeza khwekhwe limodzi litazulidwa ndi chikhomo chomwe, pansi pali mapazi aakulu ngati mbale, ndiye anathawa osabwererakonso. Asanu akadali komweko.

Chilandirireni kalata yanu sakudya. Amakhala pashedi n'kumazunguza wilo lopanda vuto lililonse. Ndamuuza kuti jambulani mapuwo achemwali akuthandizeni, iye akuti mapuwo ndi chingwe chodzimangirira yekha, dzanja lake, malo ake, papepala limodzi. Mawu ake anali akuti, "Achemwali sananamepo chibadwire. Kapitawo wa kumsasako akangowayang'ana m'maso n'kufunsa kuti mwamva kwa yani, adzatchula dzina langa ndi tsiku lobadwa lomwe." Anaseka ponena zimenezo koma ine sindinaseke.

Zoti asalowe m'nkhalango zija iye wamva kuti asilikali amubisalira. Akuti njira zawo amazidziwa, sayenda Lamulungu m'mawa. Ndiye waganiza zokawachotsa yekha, adzawataye m'chimbudzi, umboni uthe, inunso mupume musachotsedwe ntchito chifukwa cha iye. Ndinamufunsa za mkangowo. Akuti nyama imene yalawa waya sibwereranso pamalo pomwepo, aliyense wotcha amadziwa, ndiye kulibe malo abwino m'nkhalango monse kuposa pamenepo.

Malo ake ndikuuzani ine, poti iye wakana. Ndi pakhwawa louma paja madzi anakumba pansi pa mpanda, munthu amalowa chokwawa. Mukatsika ndi khwawalo pang'ono pali mtengo waukulu unagwa n'kupingasa, pansi pake pali ziyangoyango. Makhwekhwe ali m'tinjira ta njiri kuzungulira mtengowo. Pano akudikira anthu olambula udzu m'mbali mwa mpanda amalize. Akuti Lamulungu loyamba la mwezi wa mawa. Adzanyamuka Loweruka panjinga, adzagona kunjira, n'kulowa kukangocha. Gambuti zanu zija wazipukuta kale.

Alamu, mtima wanga sukukhazikika. Ngozi mukunenayo ndi asilikali kapena ndi china? Ngati ndi asilikali, ingondiuzani tsiku limene sapitako, zithe. Ndakulemberani ngati mlamu wanga, osati ngati a ofesi. Musauze munthu, chonde.

Ndine mlamu wanu.


Kumsasa,
1 Sepitembala.

Sipoko,

Moni kwa nonse. Lole sinabwere sabata yatha ndipo leronso sinabwere. Pawailesi akuti yathyoka chitsulo cha kumawilo ndipo ili kugalaja. Sindikudziwa ngati chete ameneyu ndi wa lole kapena ndi wako. Ndikulembabe, kalatayi idzanyamuka tsiku limene idzanyamuke.

Mafuta atichepera, ndiye tasiya kulondola gulu lalikulu. Galimoto imodzi yokha ikupita kwa Chipsera. Ana ayamba kuyenda patali. Dzulo anatsata amawo mpaka pamchenga, akulimbirana mchira wake, iye akungowakankha ndi phazi. Wamng'ono uja anatsalira, nalowa m'kanjira kena m'udzu, ndipo kwa kanthawi sitinamuone. A Mapazi anali kumwa tiyi wawo mosatekeseka. Ine ndinagwira cholembera mpaka chinathyoka. Anatuluka ali bwinobwino, atanyamula nthenga ya nkhanga.

A Mapazi andifunsa chifukwa chake ndaonda ngati ndine ndikuyamwitsa. Ndinati ndi chifuwa. Ndi bodza loyamba limene ndanena pamsasa pano, ndipo analandira mwaulemu monga munthu alandira chakudya chosapsa.

Tumiza mapu aja. Ngati ukuopa dzanja lako, uuze mlamu ajambule. Ngati ukuopa pepala, uuze adalaivala mawu oti sangawamvetse koma ine ndiwamve. Njira iliyonse, kupatula miyendo yako.

Mlongo wako.


Kumsasa,
Loweruka, 6 Sepitembala, madzulo.

Mlamu wanga,

Lole yafika lero masana, ndipo kalata yanu ya pa 24 Ogasiti ndaiwerenga nditaimirira pabwalo. Idzabwerera Lolemba. Mukamawerenga izi zonse zidzakhala zitachitika, koma ndiyenera kuti mumve kwa ine mwini zimene ndachita, ndiponso kuti ndazichita ndikudziwa.

Khwawa limene mwatchulalo ndi pamene pali ana a Chipsera. Mtengo wakugwawo ndiwo denga lawo. Ndinkaganizira kuti makhwekhwe sali kutali, pakuti mkango woyamwitsa susaka kutali ndi ana, koma sindinadziwe kuti ali pakhomo penipeni. Zimene mlongo wanga akunena, zoti nyama yolawa waya sibwerera, mwina ndi zoona kwa njiri. Mkango umene wasiya ana pansi pa mtengo umabwerera ngakhale pali moto. Ndipo uwu ndi wovulala, wanjala, wodziwa fungo la munthu. Wolowa chokwawa pampanda paja amatulukira pamaso pake, manja ndi maondo zili pansi.

Lumbiro lija ndaliphwanya tsopano papepala lino, pamene kuliphwanya sikuthandizanso munthu.

Ndinaganiza zonse zimene munthu angaganize. Foni palibe. Wailesi ili mu ofesi ya Kapitawo, mkulu wa asilikali a gemu, ndipo salankhulapo munthu popanda iye. Kuyenda pansi kupita kugeti ndi tsiku lathunthu pakati pa njati. Ndinatsegula bokosi, ndinatenga khwekhwe lija, ndinakaliika patebulo pa Kapitawo pamodzi ndi kalata yanu, ndipo ndinatchula dzina.

Anawerenga osafulumira. Anandifunsa kuti ndinadziwa liti, ndinamuuza. Anandifunsa ngati ndikumvetsa kuti akangoyatsa wailesi nkhaniyi yachoka m'manja mwake, ndipo sadzatha kuibweza ngakhale atafuna.

Ndinati, "Ndikumvetsa. Yatsani."

Anatuma asilikali a kugeti kuti akagwire mlongo wanga kunyumba asananyamuke. Ayankha posachedwapa kuti anapeza atachoka kale m'mawa, ndipo inu munawauza kuti wapita kukagula masipoko. Sindikukudzudzulani. Kumene wagona palibe akudziwa. Asilikali sangabisale pansi pafupi ndi khwawa, pakuti mkangowo ungawagwire kapena iwo angauwombere. Chatsala ndi chimodzi: galimoto ya a Mapazi, imene Chipsera anaizolowera, ikaime pakati pa mpanda ndi mtengo kusanache, msilikali mmodzi ali m'kati. Kapitawo anakana kuti ndipite nawo. A Mapazi anati munthu wamantha samva mawu a yunifolomu, amamva mawu akwawo, ndipo galimoto ndi yawo. Ndikupita.

Munandipempha kuti ndisauze munthu. Mudzandida, ndipo muli ndi chifukwa. Ndasankha kuti mundide muli ndi mwamuna wamoyo. Ngati nazonso zilephereka mawa, sindikudziwa chimene ndidzakulembereni.

Mlamu wanu.


Kumsasa,
Lamulungu, 7 Sepitembala.

Mlamu wanga,

Ali moyo. Sanavulale. Ali m'manja mwa asilikali ndipo mawa apita naye kupolisi. Zotsalazo ndilemba mwadongosolo monga zinachitikira.

Tinaima pamtunda pa khwawa, mpanda uli kumanja, mtengo uli kumanzere chakumunsi. Chipsera anali atagona pamchenga kutsogolo kwa ziyangoyango, ana awiri akuyamwa. Dzuwa litangotuluka anadzutsa mutu, makutu ali kumpanda. Ife tinali tisanaone kanthu. Kenako udzu unagwedezeka, ndipo mlongo wanga anatulukira pansi pa waya, thumba lili kumsana.

Tinalakwitsa chinthu chimodzi, tonse atatu. Tinkayesa kuti akaona galimoto adzabwerera kumpanda. Iye ataona chipewa cha msilikali anaganiza kuti kunja kwa mpanda kulinso ena, ndipo anathamangira kumene akudziwa kuti munthu angabisale. Anatsetserekera m'khwawa, kulunjika kumtengo.

Chipsera anadzuka. Kudzuma kwake kunamveka m'zitsulo za galimoto. Msilikali anakweza mfuti, koma mlongo wanga anali pakati, ndipo a Mapazi anagwira mpope wa mfutiyo n'kuutsitsa. Kuliza injini kukanatenga nthawi imene panalibe. Ine ndinaimirira pampando. Pa zaka zonse zimene ndagwira ntchito ino sindinakwezepo mawu m'thengo.

"Sipoko, ima pomwepo! Usasunthe phazi!"

Anaima. Sanaime chifukwa cha mkango, pakuti anali asanauone. Anaima monga ankaimira ali mwana ndikamupeza ndi shuga m'manja. Atakweza maso ndi pamene anauona ukubwera, mimba ili pansi, mchira ukukwapula. Ndinapitiriza kulankhula, sindikumbukira zonse. A Mapazi akuti ndinkangobwereza kuti ukathawa wafa, undiyang'ane ine, ukathawa wafa. Chipsera anafika pafupi moti mchenga wa mapazi ake unamuwaza m'maondo, naima, nabangula pamaso pake. Munthu wothawa amagwidwa. Woima nthawi zina amasiyidwa. Chipsera anabwerera chambuyo, nabweranso kachiwiri, naimanso. Pamenepo a Mapazi anali atatsitsira galimoto m'khwawa, ndipo msilikali anakokera mlongo wanga m'kati ndi lamba wa buluku. Anali atadzikodzera, ndipo palibe anaseka.

Chipsera anatola mwana mmodzi pakhosi, winayo akutsata, nakwera tsidya lina. Anabwerera kawiri kudzaitana chapansipansi pafupi ndi mtengo, kenako anapita.

Atachoka, mlongo wanga ali ndi unyolo m'manja anatilozera makhwekhwe limodzi ndi limodzi, osafunsidwa kawiri, ife tikukoka ndi ndodo ya mbedza. Anayi anali opanda kanthu. Khwekhwe lachisanu linali kuseri kwa mtengo, ndipo munali mwana wamng'ono uja. Linamugwira m'chiuno. A Mapazi akuti anafa Lachisanu kapena Loweruka. Mlongo wanga anayang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa msilikali ngati angamumasule dzanja limodzi kuti amasule wayayo yekha, poti akudziwa pamene anamangira. Anamulola.

Tinauyamba ulendo wobwerera. Ndinamupatsa madzi, analandira kwa msilikali.

Kapitawo watenga makiyi a ofesi yanga mpaka akuluakulu adzagamule za mwezi umene ndinakhala chete. Wandiuzanso kuti kukhoti ndidzaitanidwa ngati mboni ya boma, pakuti ndine ndinazindikira waya. Ndidzapita. Ndikupemphani mundiuze zimene mwana akusowa.

Mlamu wanu.


Kunyumba,
13 Sepitembala.

Alamu,

Makalata anu atatu afika tsiku limodzi. Ndawerenga.

Simunalembe za Loweruka kuno poti simunaone. Asilikali anabwera dzuwa litapendeka, galimoto ya gemu pakhomo, anthu onse a pamsika ali m'mbali. Anagudubuza matilesi, anatsegula mapoto, mwana akulira. Lachiwiri anabweranso ndi apolisi, anatenga chopanira, mawaya onse ndi chitini cha manati, shedi anakhoma loko wawo. Njinga za eni ake zili m'katimo, eni akewo akubwera kwa ine. Amene ankagula nyama ija ndi amene akulavula kwambiri ndikamadutsa.

Mlongo wanu ndinakamuona. Wameta, akutsokomola, akudya pang'ono. Sanandifunse kuti inu munadziwa bwanji malo. Akudziwa. Ndiye pano m'nyumba muno wopereka mwamuna wake ndine, inu munangonyamula.

Mukuti akanafa. Mutu wanga ukudziwa zimenezo, alamu, sindine chitsiru. Mtima ndiwo sunamve. Mawu amodzi okha mwezi watha, akuti pamalopo pali mkango ndi ana, bwenzi ali pashedi lero akupopa tayala lake limodzi. Munasunga lumbiro la ofesi, langa munaliika patebulo pa Kapitawo.

Mwana sakusowa kanthu kochokera kumeneko. Musabwere kuno.

Mkazi wa mlongo wanu.


Kundende ya oyembekeza mlandu,
20 Sepitembala.

Achemwali,

Moni. Pepala andipatsa limodzi ndipo aliwerenga lisanatuluke, ndiye nthabwala ndichepetsa.

Ndili bwino. Tilimo ambiri, timagona ngati masipoko, mitu kunja miyendo pakati. Ndikatseka maso ndimaona mano, koma zimene zimandidzutsa si mano. Ndi kamwana kaja. Kanali kopepuka ngati chubu cha njinga.

Ndinakukwiyirani m'galimoto muja ndipo mkwiyowo sunathe wonse, ndisakunamizeni. Koma ndauza wapolisi wofufuza kuti mlandu ndikuuvomera, wa njiri, wa mkango ndi wa mwana wake. Akuti ndikavomera pamaso pa woweruza, mboni siziitanidwa. Ndiye simudzaima m'bokosi muja kutchula dzina langa anthu akumva. Musayese kuti ndachitira inu nokha. Ndikudziwa kuti mukanaima mukananena zonse mwadongosolo, choyamba, chachiwiri, mpaka woweruza akanandiwonjezera zaka chifukwa chotopa.

Akuti zingakhale zaka zingapo. Mwana adzakhala atayamba sukulu.

Pempho langa ndi limodzi. Mlamu wanu wakuuzani kuti musabwere, ndamva. Mupite. Alibe wina, kwawo ndi kutali, ndipo anthu a pamsika amudya wamoyo. Sadzakutsegulirani. Adzatuluka ndi mawu amene simunawamvepo chibadwire, mwina ndi chitsulo cha pampu m'manja, poti nayenso ali ndi mwana kumbuyo kwake. Akakuthamangirani musathawe, ndipo musayambe kufotokoza. Muime pomwepo pakhomo, ngakhale abwere kawiri.

Ine ndinayesa. Miyendo imanjenjemera, koma munthu amatsala.

Mlongo wanu,
Sipoko.